Tiasilikali ta pa tebulo ku Shurugwi

Pa tebulo langa ku Shurugwi pali tiasilikali ta pulasitiki, totalika mamilimita 28, tomwe ndimapenta madzulo ndikaweruka pa ntchito yomasulira mabuku. Ndinayamba ndi asilikali oyenda pansi a Napoleon, a majekete abuluu, omwe anagonja ku Waterloo mu 1815. Ine ndi anzanga timatindandalika m'magulu, n'kumaponya madayisi kuti tione opambana.

Agogo anga aamuna anachoka ku Nyasaland kudzakumba kromu m'migodi ya kuno. Lamlungu ankavina beni ku komboni atavala ngati msilikali, ndipo kugubako anakuphunzira ku King's African Rifles. Nkhondo yawo inali ya ku Madagascar. Mu Seputembala 1942 asilikali a ku Nyasaland anatsikira ku Majunga kukamenyana ndi Afalansa a boma la Vichy, ndipo pa 23 mwezi womwewo mzinda wa Tananarive unalandidwa.

Nditafufuza yunifolomu ya adani a agogowo kuti ndiipente, ndinazizidwa nkhongono. Ambiri mwa "Afalansa" aja anali Amalagasi ndi anyamata a kumadzulo kwa Africa, a gulu la Tirailleurs sénégalais lomwe Louis Faidherbe anakhazikitsa mu 1857. Agogo ankalozetsa mfuti kwa anthu akuda anzawo, aliyense atavala zovala za mzungu wake.

Panopa ndikupenta gulu la Tirailleurs, la zisoti zofiira. Malamulo a masewerawa amangowerengera mphamvu ya mfuti zawo. Ine ndimachedwa pankhope, kamodzikamodzi, ndipo mpaka lero sindinawaponyerebe madayisi.