Mankhwala a cibayo cimene timadwala tili kunyumba

Cibayo, cimene ena amati kalaso, ndi matenda a m'mapapo. Pano tikamba za cija cimene cimagwila munthu ali kunyumba kapena kunchito, pakuti cimene wodwala amatengela m'cipatala cimafuna mankhwala ena. Nthawi zambili cimayamba ndi kacilombo kochedwa Streptococcus pneumoniae, ndipo munthu amatentha thupi, amakhosomola, amamva kulasa m'nthiti ndi kupuma mofulumila.

Ngati matenda sanakule, mankhwala oyamba ndi amoxicillin. Akulu kawilikawili amamwa katatu pa tsiku, masiku osacepela 5. Ana amapatsidwa mapilisi osungunula m'madzi, kawili pa tsiku, molingana ndi msinkhu kapena sikelo yao. Amene thupi lao limakana penisilini (kutuluka zidzolo, kutupa milomo) auze anesi asanalandile, cifukwa amoxicillin ndi wa mtundu womwewo. Iwowa amapatsidwa erythromycin, azithromycin kapena doxycycline, koma doxycycline sapatsa amai oyembekezela ndi ana aang'ono. Panado imatsitsa cabe kutentha thupi, siipha kacilombo.

Pamene ambili timalakwila ndi pa tsiku laciwili kapena lacitatu. Mankhwala akagwila, kutentha thupi kumatsika, ndiye timaleka kumwa ndi kusungila mwana wina otsalawo. Tuzilombo tumakhala tusanathe, ndipo matenda angabwelelenso. Cimodzimodzi makapisozi ogula pa kantemba, awili lelo, awili mawa: kumeneko ndi kutaya ndalama ndi kuphunzitsa tuzilombo kupilila mankhwala. Masiku atatu akapita popanda kusintha, tibwelele kukiliniki.

Pali odwala amene mapilisi sangawathandize kunyumba. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mineti, kapena wa caka cimodzi mpaka zaka 5 ka 40, aonedwe tsiku lomwelo. Akamakana kuyamwa, kusanza ciliconse, kukomoka kapena kufooka kosadzuka, ndi wogoneka m'cipatala. Wamkulu akasokonezeka mutu kapena kubanika, cimodzimodzi. Kumeneko amabaya nyeleti monga benzylpenicillin kapena ceftriaxone, ana ampicillin ndi gentamicin, ndi kuwaika pa okosijeni ngati mpweya wacepa m'magazi.

Cifuwa cikapitilila masabata awili, makamaka munthu akamaonda ndi kutuluka thukuta usiku, tipimitse makhololo, cifukwa amoxicillin sacilitsa TB. Amene ali ndi HIV auze dokotala, popeza pali cibayo cina cimene cimafuna Septrin wambili.