Ngwazi Zopanda Chipilala

Tsiku limene ndidayamba ntchito m'boma adandilumbiritsa kuti ndidzasunga chinsinsi. Kuyambira pamenepo ndagwira mafayilo ambiri omwe nkhani zake sindingauze ngakhale mayi wa ana anga. Mwina n'chifukwa chake ndikamadutsa pa chipilala cha Keyala ku Zomba, maganizo anga sathera pa asilikali amene adagwa kunkhondo okha. Ndimakumbukiranso akuluakulu a nthambi ya ukazitape amene adagwira ntchito yawo kuseri, n'kudzapuma pantchito pakamwa pali chitsekere. Kodi anthu otere tingawalemekeze bwanji?

Mmodzi mwa iwo ndi Brigadiya Dudley Clarke wa gulu lankhondo la Britain, yemwe adabadwira ku Johannesburg mu 1899. Mbiri yake imakumana ndi ya makolo athu. Mu Ogasiti 1940 asilikali a ku Italy adalowa m'dziko la British Somaliland. Mwa amene adalimbana nawo pa Tug Argan mudali batalioni yachiwiri ya Keyala yochokera ku Nyasaland ndiponso asilikali a ku Northern Rhodesia. Adani atawachulukira, adabwerera kudoko la Berbera n'kuchoka pa sitima zapamadzi.

Mu Disembala chaka chomwecho, General Archibald Wavell adaitanitsa Clarke ku Cairo n'kumupatsa ntchito yachilendo: kunamiza mdani. Wavell ankafuna kuthira nkhondo Eritrea kudzera ku Sudan. Choncho Clarke adakonza chinyengo chotchedwa Camilla. Adafalitsa mphekesera ndi mauthenga abodza apawailesi kuti Ataliyana akhulupirire kuti Angerezi akubwera kudzalanda Somaliland.

Ataliyana adakhulupiriradi. Koma m'malo mothamangitsira asilikali awo ku Somaliland, adaona kuti dzikolo sangathe kuliteteza, ndipo adachotsako ena n'kuwapititsa ku Eritrea, komwe kudali nkhondo yeniyeni. Msampha udafwamphuka ndithu, koma udakola mwendo wa mlenje. Apa Clarke adatolapo phunziro limene adaliphunzitsa onse ogwira naye ntchito: usadzifunse chimene ukufuna kuti mdani aganize, dzifunse chimene ukufuna kuti achite.

Mu 1941 adakhazikitsa gulu lake lotchedwa A Force. Adapeka magulu a asilikali omwe adalipo papepala pokha, mpaka akazitape a Germany ankawerengera Angerezi mphamvu zoposa zomwe adali nazo. Ngakhale dzina la SAS, lomwe pambuyo pake lidatchuka padziko lonse, lidayamba ngati gulu lopeka la Clarke, David Stirling asadalipereke kwa asilikali enieni. Nkhondo ya ku El Alamein isadayambe mu Okutobala 1942, akasinja enieni adawaveka kuti aoneke ngati malole kumpoto, pamene kummwera kudali akasinja achabe ndi paipi yamadzi yabodza. Ndi ana a anthu angati amene adabwerera kwawo amoyo chifukwa mdani adayang'ana kolakwika? Palibe kaundula amene angawawerenge.

Clarke adapuma pantchito mu 1947. Adafunitsitsa kulemba mbiri ya ntchito yake yonamiza adani, koma boma lake lidamukaniza. Adamwalira mu Meyi 1974 anthu ambiri asakudziwa zomwe adachita. Buku la boma lofotokoza ntchitoyi, lolembedwa ndi Michael Howard, lidatuluka mu 1990, mwiniwake atagona kale zaka 16.

Ine wa m'boma sindinganyoze chinsinsi, pakuti dziko loulula zonse limadzivula pamaso pa adani. Koma chinsinsi chili ngati chimanga cha m'nkhokwe: umasunga kuti tsiku lina udzadye, osati kuti anankafumbwe amalize. Ngati Britain, yomwe idasunga mapepala ake, idachedwa chonchi, nanga ife amene timadalira kukumbukira kwa okalamba?

Ulemu woyenera akuluakulu otere suthera pa mendulo ndi kulira kwa lipenga pamaliro. Afunsidwe akali moyo, mawu awo alembedwe, atsekeredwe kunkhokwe ya zakale ku Zomba mpaka nthawi yoyenera itakwana. Ndipo polemba tisabise pamene adaphonya kapena pamene adalakwira anthu, chifukwa Clarke tikumudziwa bwino lero kaamba koti nkhani ya Camilla sidafufutidwe. Ndatsala ndi zaka zingapo kuti nanenso ndipereke makiyi a kabati. Pempho langa n'lakuti amene adzawalandire asadzatenthe mafayilo.