Kubetcha kwa Pascal

Kubetcha kwa Pascal ndi mfundo imene Blaise Pascal (1623–1662), katswiri wa masamu wa ku France, anakonzera anthu okayikira zoti Mulungu aliko. Imapezeka m'buku la Pensées, limene linasindikizidwa mu 1670 kuchokera m'timapepala tomwe anasiya atamwalira.

Pascal anavomereza kuti nzeru za munthu pazokha sizingagamule mlanduwu. Komabe anati aliyense wabetcha kale ndi moyo wake, ngakhale amene wangokhala chete. Munthu akakhulupirira, Mulungu n'kukhalakodi, wapata moyo wosatha. Ngati kulibe, wataya zochepa chabe, zokoma za masiku owerengeka. Kawerengedwe kotere n'kosadabwitsa kwa munthu amene mu 1654 ankalemberana makalata ndi Pierre de Fermat za masamu a juga.

Otsutsa sanasowe. Voltaire, mu 1734, anati kupindula ndi chikhulupiriro si umboni woti chinthucho chilipo. Denis Diderot anafunsa funso loluma kwambiri: kodi shehe sanganene zomwezo za Chisilamu? Apa kubetchaku kumatsimphinadi, chifukwa sikusankha chipembedzo. Zifukwa zosankhira Chikhristu Pascal anaziika m'zigawo zina za bukulo: maulosi a m'Chipangano Chakale, ndiponso chiphunzitso cha kuchimwa kwa Adamu, chimene ankati chimalongosola ukulu wa munthu ndi tsoka lake nthawi imodzi.

Kwa wodandaula kuti mtima sukakamizika, malangizo a Pascal anali oti azipita ku Misa ndi kudzilemba chizindikiro cha mtanda ndi madzi odalitsidwa mpaka chizolowezi chifewetse kukayikako.