Mercury ndi mankhwala a m'munda m'nsomba za m'nyanja zozizira

Nsomba za m'nyanja zozizira za kumpoto kwa dziko lapansi, monga cod ndi bluefin tuna, zimasunga m'matupi mwake ziphe zochokera kutali kwambiri ndi kumene zimakhala. Ziphe zazikulu ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija, ndi mankhwala akale ophera tizilombo m'minda monga DDT, chlordane ndi toxaphene.

Bungwe loona za chilengedwe la UNEP lidayerekeza kuti mu 2015 ntchito za anthu zidaulutsira mumlengalenga matani 2,220 a mercury. Gawo lalikulu lidachokera ku migodi ing'onoing'ono ya golide, ngati yomwe ili ku Zimbabwe ndi Mozambique, kumene okumba amasakaniza mercury ndi dothi la golide n'kuwotcha. Gawo linanso lalikulu ndi la utsi wa malasha. Mercury akagwera m'nyanja, mabakiteriya amamusandutsa methylmercury, chiphe chokakamira mu mnofu wa nsomba. Kansomba kamadya tizamoyo ta m'madzi, nsomba yaikulu n'kudya kansombako, chiphe chili kuunjikana. Kuphika sikuchichotsa, ndipo chimawononga ubongo, makamaka wa mwana amene ali m'mimba.

Mankhwala a m'munda ali ndi njira yawo. M'maiko otentha amasanduka nthunzi, mphepo n'kukawatula kozizira. Dzuwa likatenthanso amanyamuka n'kusendera kumpoto. Asayansi amati amayenda modumphadumpha ngati chiwala. Akafika ku Arctic sawola msanga, ndipo amabisala m'mafuta a nsomba ndi nyama za m'nyanja. M'zaka za m'ma 1980, Eric Dewailly wa ku yunivesite ya Laval adapeza mankhwala a mtundu umenewu ochuluka mu mkaka wa m'mawere wa amayi a mtundu wa Inuit kumpoto kwa Quebec ku Canada, kuposa wa amayi a m'mizinda ya kummwera. Amayi a mtundu wa Inuit aja analibe minda yopopera mankhwala.

Kusintha kwa nyengo kwaipitsa zinthu, ndipo umboni wake waoneka bwino ku Gulf of Maine, kugombe la kumpoto chakum'mawa kwa America, kumene madzi akutentha mofulumira kuposa pafupifupi nyanja zonse. Madzi akafunda, thupi la nsomba limagwira ntchito mothamanga, nsombayo n'kumadya kwambiri. Bluefin tuna, yomwe imasambira mitunda italiitali osapuma, ndiyo imafuna chakudya chochuluka zedi, ndipo chilichonse chomwe yameza chimabwera ndi mercury wake. Mu 2019 Amina Schartup ndi Elsie Sunderland a ku Harvard, pamodzi ndi anzawo, adalemba m'magazini ya Nature kuti kufunda kwa madzi kuyambira 1969 kudakweza methylmercury m'nsomba imeneyi ndi 56 peresenti. Chopweteka n'chakuti chiphecho chidali chitatsika ndi 22 peresenti cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi m'ma 2000, maiko atachepetsa utsi wa mercury. Kutentha kudafafaniza phindu lonselo.

Usodzi wopyola muyeso nawo ulimo. Udasintha zakudya za cod, moti chiphe m'nsombayi chidakwera ndi mlingo wofika 23 peresenti pakati pa zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 2000.

Kumtunda kwenikweni, nthaka ya ku Siberia, Alaska ndi Canada imene yakhala youndana zaka zikwizikwi ikusungunuka, ndipo mitsinje ngati Yukon, Yenisey ndi Lena ikukokolera mercury wake m'nyanja. Mu 2011 ofufuza adaunika mpweya woyezedwa ku Alert ku Canada ndi ku Zeppelin pa zilumba za Svalbard, napeza kuti mankhwala oletsedwa kalekale akuulukanso kuchokera m'madzi amene kale adali ophimbika ndi madzi oundana.

Pangano la Stockholm la 2001 lidaletsa ambiri mwa mankhwalawa, ngakhale DDT adaloledwabe polimbana ndi udzudzu wa malungo. Pangano la Minamata lolimbana ndi mercury, lotchedwa dzina la mzinda wa ku Japan kumene matenda a mercury adadziwika mu 1956, lidayamba kugwira ntchito mu 2017. Onse awiri ndi ofunika, koma satsitsa kutentha kwa madzi, choncho paokha sangakwanitse.

Azaumoyo saletsa nsomba, poti ndi ndiwo yomanga thupi. Bungwe la FDA ku America limalangiza amayi oyembekezera kupewa shark, swordfish ndi bigeye tuna, ndi kudya nsomba za mercury wochepa, monga salmon, herring ndi sardine, kawiri kapena katatu pa sabata.