Kuyeza kutentha kwa mpweya pogwiritsa ntchito kuwala

Akatswiri a sayansi ali ndi njira zodziwira kutentha kwa malawi a moto kapena mpweya wa mu injini popanda kulowetsamo chipangizo chilichonse. Amaunika mpweyawo, n'kuujambula, kenako amawerengera kutentha kwake kuchokera pa chithunzicho.

Amatero chifukwa chipangizo choyezera chimasokoneza chinthu chomwe chikuyezedwa. Kawaya koyezera kakalowa m'malawi kamasintha kayendedwe ka mpweya, komanso kamataya kutentha kwina, motero nambala imene kamapereka imakhala yotsika. Vuto lina n'loti malawi a gasi wa methane amatha kufika madigiri pafupifupi 1,950, pomwe chitsulo cha platinum, ngakhale chimapirira moto, chimasungunuka pa madigiri 1,768.

Gwero la njirazi aliyense analionapo. M'mwezi wa Okutobala msewu wa phula umaoneka ngati uli ndi madzi kutsogolo, ndipo zinthu zimaoneka ngati zikunjenjemera ukaziyang'anira pamwamba pa mbaula. Mpweya ukatentha umafutukuka n'kupepuka, ndipo kuwala kukamachoka mumpweya wozizira kulowa muwotentha kumakhota pang'ono. Mu 1864, katswiri wa ku Germany, August Toepler, anakonza njira yoonetsera kukhotako. Anaika kachitsulo kakuthwa ngati mpeni pamalo pomwe kuwala kumakumana, kuti katchinge kuwala kwina komwe kwapatuka. Mpweya wosaoneka uja umatuluka pachithunzi ngati mizere yowala ndi yakuda. Njirayi imatchedwa schlieren, mawu a Chijeremani otanthauza mizere. Zithunzi zake n'zokongola, koma kupezamo nambala n'kovuta, pakuti kamera imaona mpweya wonse umene kuwalako kwadutsamo uli wophatikizana.

Njira ina imagwiritsa ntchito laser. Kuwala kwake amakupyapyalitsa ngati pepala n'kukudutsitsa pakati pa malawi. Tizigawo ta mpweya timamwaza kuwalako, monga momwe Lord Rayleigh anafotokozera mu 1871 pounikira chifukwa chake thambo limaoneka lobiriwira. Pamene patentha kwambiri tizigawoto timakhala totalikirana, choncho pachithunzi pamaoneka mothimathima. Mdani wa njirayi ndi fumbi ndi mwaye, zomwe zimamwaza kuwala kochuluka mpaka kuphimba kwa mpweyawo.

Ambiri angaganize kuti makamera oona kutentha, onga amene ankayezera anthu m'mabwalo a ndege pa nthawi ya Covid-19, angagwire ntchitoyi. Sangathe. Nitrogen ndi oxygen, zomwe zimapanga gawo lalikulu la mpweya, sizitulutsa kuwala kumene makamerawa amaona, ndiye kamera imangoyeza khoma la kuseri kwake.

Amene amadalira kwambiri zithunzizi ndi opanga mainjini a ndege ndi galimoto. Mu injini, malo akapitirira madigiri pafupifupi 1,500, nitrogen imayamba kuphatikizana ndi oxygen n'kupanga mpweya woononga mapapo. Malo oterowo akhoza kukhala aang'ono zedi, ndipo kawaya kamayeza pamodzi pokha pomwe kakhudza, pamene chithunzi chimaonetsa malawi onse nthawi imodzi.