Chambo cha ku Malombe chinapita kuti?

Anzanga a m'mphepete mwa nyanja, werengani kaye musanatumizire ena.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nyanja ya Malombe ku Mangochi inkatulutsa chambo choposa matani 8,000 pachaka. Pofika 1992 sichinkakwana ndi matani 1,000 omwe. Zaka khumi basi.

Si mizimu ayi. Kunachuluka makoka a maso ang'onoang'ono, a kambuzi ndi nkacha. Nkacha imakokolola pansi penipeni, kuzula udzu womwe ana a nsomba amabisalamo n'kuphwasula zisa pamchenga. Chambotu chimalera ana ake m'kamwa, ndiye ukakola mayi mmodzi wapha banja lonse. Ndalama inalowa ndithu, anthu anagula maboti, ena malata. Kenako m'makoka munatsala kambuzi. Mu 1993 boma linayambitsa makomiti a m'magombe, ma BVC aja, koma chambo chinali chitapita kale.

Tsono taonani ku chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka chilumbachi nyengo ya mvula, Disembala mpaka Epulo. Aliyense amasamuka, ndipo ngakhale atatsegula, mowa ndi juga n'zoletsedwa. Utaka ukuphedwabe mpaka lero.

Ine ndimakonza mainjini, ndimadya asodzi akapha. Makasitomala anga masiku ano akuthira mafuta ochuluka kupita kutali, n'kubwera ndi usipa wa zidebe zochepa. Wina anandisiyira Yamaha yake miyezi itatu yapitayo, ndalama ya pisitoni sanaipezebe.