Chimanga chachikasu chija chidachokera kuti?

Ine ndine mlimi wa chimanga ndi nyemba. Sukulu ndidalekezera ku pulaimale, koma mbiri yakale ndimaikonda. Amayi anga sasiya kukamba za chilala cha 1992, pamene anthu adapulumukira chimanga chachikasu cha thandizo, chambiri chochokera ku America. Nthawiyo n'kuti ine ndili kumsana. Nditakula ndidayamba kudzifunsa: kodi alimi akumeneko adachipeza bwanji chimanga mpaka chotsala chogawira ena?

Abale anga, si khasu lokha ayi. Boma lalikulu la ku Washington lidaikapo dzanja. Mu 1935, pa mafamu 10 aliwonse, pafupifupi imodzi yokha ndiyo idali ndi magetsi. Boma lidayamba kubwereketsa ndalama ku magulu a alimi kuti akoke okha nthambo, ndipo kuyambira 1944 chiwongoladzanja chidali 2 pa 100 basi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945 ntchitoyi idathamanga, moti pofika cha m'ma 1953 mafamu 9 mwa 10 adali akuwala.

Boma lomwelo lidaikanso mtengo woti mbewu zina zisatsike kupyola pamenepo. Mtengo ukagwa, zokolola zinkathera m'nkhokwe za boma. Nkhokwe zidadzaza. Mu 1946 Pulezidenti Truman adasaina lamulo la chakudya cha ana kusukulu, ndipo zina mwa zotsalazo zinkapita kumeneko. Mu 1954 Pulezidenti Eisenhower adasaina lamulo lotumiza chakudya kumaiko akunja. Njira ya chimanga chimene amayi adaphika idatsegulidwa chaka chimenecho. Mu 1956 adavomerezanso misewu ikuluikulu ya makilomita pafupifupi 66,000, boma lalikulu n'kumalipira 90 pa 100 ya ndalama zake.

Komatu walira mvula walira matope. Thandizo linkatsata kukula kwa munda ndi zokolola, ndiye mwini famu yaikulu ndi amene ankadya kwambiri. Mu 1950 mafamu adalipo oposa 5 miliyoni, pofika 2000 adatsala ngati 2 miliyoni. Alimi akuda ndiwo adaona zowawa zenizeni: m'maofesi a zaulimi ankawamana ngongole kapena kuwachedwetsera mpaka nyengo yobzala itadutsa. Ambiri minda idawapulumuka. Adakasuma kukhoti, ndipo mu 1999 boma lidavomera kuwalipira pa mlandu wotchedwa Pigford.

Zimenezi zimandikhudza chifukwa chaka chilichonse ndimagulitsa chimanga motchipa pokolola, kenaka n'kukachigulanso modula mu Januwale ana akulira njala. Ndaona kuti boma likafuna, lingathe kumuteteza mlimi ku zotere. Ndaonanso kuti thandizo lopanda maso limadumpha wamng'ono. Tikakumana pa kalabu tidzakambirane: thandizo likafika m'mudzi mwathu, ndani amalemba maina, nanga ndani amaona ngati mayi wamasiye walembedwa?

Ndatha ine mlimi mnzanu.